Za madiresi a adzukulu anga aja amene ankafupika

Miyezi iwiri yapitayo ndinafunsa chifukwa chimene madiresi amene ndinasokera adzukulu anga awiri anafupikira atangochapidwa kamodzi, komanso chimene chinkachititsa kuti msoko wa m'khwapa uziphwasuka msanga. Ambiri munandilangiza kuti ndizichapa nsalu ndisanaidule, ndipo ndabweranso kudzakuuzani kuti malangizowo andithandiza kwambiri.

Nsalu ya thonje imafupika ikanyowa koyamba, choncho ulendo uno ndinaiviika m'madzi ofunda, kuiyanika ndi kuisita bwinobwino ndisanaikhudze ndi sizasi. Madiresi atsopanowa achapidwa kanayi tsopano, koma akadali mmene analili.

Pa nkhani ya msoko, vuto silinali ulusi monga ndinkaganizira. Ndinkasoka pafupi kwambiri ndi m'mphepete mwa nsalu, moti mwana akangotukula mikono nsaluyo inkayamba kusosoka. Panopa ndikusiya masentimita 1.5, kenako ndikudutsitsanso makina m'mphepetemo ndi msoko wa zigizagi. Kumpendero ndapinda masentimita 6 kuti akatalika ndidzangomasula.

Chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri ndi mabatani. Tsiku lina ndinapeza wamng'onoyo, amene ali ndi zaka ziwiri, atalowetsa batani la pakhosi m'kamwa, ulusi wake utanyowa ndi malovu ndipo utatsala pang'ono kuduka. Popeza mwana wosakwana zaka zitatu akhoza kutsamwa ndi kanthu kakang'ono ngati kameneko, ndinachotsa mabatani onse usiku womwewo, ndipo diresi lake lotsatira ndalisoka la khosi lalikulu lokhala ndi lasitiki wofewa.