Masitampa anga atsopano amatirira, ndiwaviike m'madzi kapena ndiwasiye?

Wosadziwika
Mwaswera bwanji nonse pa gulu pano. A admin chonde mundibise dzina chifukwa alamu anga ali momwemuno ndipo sachedwa kukatula nkhani kunyumba. Ine ndinayamba kusonkhanitsa masitampa chaka chatha, adokotala atandiuza kuti BP yanga ikufuna ndipeze chochita chodekha. Ndiye ndinaitanitsa masitampa atsopano a mayiko osiyanasiyana kwa munthu wina wogulitsa pa intaneti. Anatenga miyezi itatu kuti afike, envulopu inabwera itapindika pakona, nditadandaula munthuyo anangonditumizira kachithunzi ka manja opemphera basi. Mayi akunyumba sakundiyankhula bwino chifikireni katunduyo, akuti ndalama imeneyo ikanagula makatani. Alamu angawo ndiye amanditchula kuti "a Positi" pamaso pa ana. Mwana wanga wamng'ono anatengapo ina ya kambuku n'kukamata pa kope la masamu, sindinamumenye koma tsiku limenelo ndinagona osadya. Tsopano dzulo ndimati ndionetse mnzanga, ndapeza kuti ambiri amatirira, sakuchoka. Ndinayesa imodzi ndi chikhadabo, yang'ambika pakati. Ndiwaviike m'madzi? Otentha kapena ozizira? Nanga mtengo akadali nawo? Chithunzi sinditumiza, kamera ya foni inasweka. Osandinyoza chonde, mtima wanga suli m'malo.

Anaphiri wa Mbalame
Pepani bambo. Amatirira ku chiyani, okhaokha kapena ku pepala? Ndi odinda kale kapena osadinda? Ngati ndi osadinda, ndi onyambita aja kapena ochita kusenda ngati sitika? Musawakhudzenso mpaka mutayankha zimenezi.

Jokala 265
"A Positi" kkkkkk alamu anuwo ndi katswiri, ndafa nazo ine

Mkulu wa Masitampa
Ine ndinayamba izi ambiri a inu musanabadwe, ndiye mundimvere. Vuto lanu si kumatirira ayi. Vuto lanu ndi lakuti MUNAGULA ZITHUNZI, osati masitampa. Sitampa yoyamba padziko, Penny Black, inayamba kugwira ntchito ku Britain pa 6 May 1840. Inali ndi mutu wa Mfumukazi Victoria basi, popanda ngakhale dzina la dziko, ndipo mpaka lero masitampa a ku Britain salemba dzina la dziko. Imeneyo anaipanga kuti inyamule kalata. Za masiku anozi amapangira thumba lanu. Kadziko ka anthu ochepa kakutulutsa masitampa mazanamazana pa chaka, a nyama zoti kwawoko kulibe n'komwe. Makalata ake akulemba ndani? Sizinayambe lero. Cha m'ma 1960 timayiko ta Aluya ta Ajman, Fujeira ndi Umm al-Qiwain tinadzaza dziko lonse ndi masitampa okongola odindiratu ali chimatireni guluu wawo, lero ngakhale kupatsa mwana amakubwezera. Tayani zimenezo muyambirenso.

Mtsikana wa Agulugufe
Agogo, munthu wafunsa za madzi inu mwamuyankha za 1840. Ndipo si zoona kuti zatsopano zonse ndi zachabechabe. Bhutan mu 1973 inatulutsa masitampa ozungulira oti umaika pa galamafoni n'kumva nyimbo ya fuko lawo. Switzerland mu 2001 inatulutsa onunkhira chokoleti. Austria mu 2020 inasindikiza sitampa pa pepala la kuchimbudzi pokumbukira mmene anthu ankalimbiranira mapepalawo nthawi ya corona. Ine zimenezi zimandisangalatsa, ndipo ndalama ndi yanga.

Mkulu wa Masitampa
Mwana wanga, wandithandiza wekha. Sitampa ya PEPALA LA KUCHIMBUDZI. Palibenso choti ndiwonjezere.

Mtsikana wa Agulugufe
Nanga ya ku Ukraine ya mu April 2022, ya msilikali ataima pagombe moyang'anizana ndi sitima ya nkhondo ya Russia? Inatuluka, patangopita masiku awiri sitimayo, yotchedwa Moskva, inamira, anthu anafola mizere italiitali pa positi ofesi ku Kyiv. Imeneyonso ndi chithunzi chabe? Penny Black yanuyo anasindikiza oposa 68 miliyoni, si yosowa monga mumationetsera.

Bambo a Mapasa
Achimwene ine ndikumva ululu wanu chifukwa zinandionekerapo. Ndinagula pa intaneti timapepala ta masitampa a osewera mpira ndi a madainaso, okongola kwabasi, dzina la dziko lili pompo. Patapita chaka ndinakaonetsa mkulu wina wodziwa, anangoyang'ana kamodzi n'kuseka. Akuti positi ofesi ya dzikolo sinawatulutsepo, anangosindikiza munthu wina kwinakwake n'kubwereka dzina la dziko. Ndinafuna kulira. Wogulitsayo nditamulembera anandibuloka. Ndiye musanavutike ndi madzi, yambani mwaona ngati ali enieni. Bungwe la mapositi apadziko lonse la UPU lili ndi kaundula wotchedwa WNS, anayamba mu 2002, mayiko amalembetsamo masitampa awo ovomerezeka. Si mayiko onse amene amalembetsa, ndiye muyang'anenso m'makatalogi, mabuku a mndandanda wa masitampa, a Scott, Michel kapena Stanley Gibbons. Anga aja ndinamatira pa chitseko cha firiji.

Mayi Busa Wachikondi
Bambo, ine sindinena za masitampa. Munakambirana ndi mayi musanatulutse ndalamayo? Banja ndi awiri. Mwagona osadya chifukwa cha kapepala, nanga mayiwo akugona bwanji m'nyumba yopanda makatani? Kapepeseni, zinazi zitsatira.

Jokala 265
Amayi, masitampawo akawalumikiza makatani atuluka kkkk

Che Dala
Mayi Busa, bwanji mwamuna akapeza chomusangalatsa mumati akapepese? Akanapita ku mowa mukanatinso chiyani? Munthu ali pakhomo pake phee ndi timapepala take, musiyeni.

Mayi Busa Wachikondi
Achimwene sindikuyankha inu.

Anaphiri wa Mbalame
Afunsi, ndikudikirabe. Amatirira ku chiyani? Ndikufunsa chifukwa madzi amathandiza pa mtundu umodzi wokha. Sitampa yodinda, ya guluu wonyambita, yomwe ili pa kachidutswa ka envulopu, mumaiika m'madzi ozizira kapena ofunda pang'ono kwa mphindi khumi kapena kuposerapo, imadzichokera yokha. Mukaitsukuluza mumaiyanika chafufumimba pa pepala loyera, ikatsala pang'ono kuuma mumaipsinja ndi buku lolemera. Koma ikakhala yosadinda madzi amachotsa guluu yense, ndipo sitampa yatsopano yopanda guluu mtengo wake umagwa kwambiri. Ya sitika ija ndiye yambiri sichoka ndi madzi, imangofewa n'kunyenyeka.

Mkulu wa Masitampa
Mtengo mtengo mtengo. Mtengo wake uti? Chimene chimakweza sitampa ndi KUSOWA. Sitampa ya ku British Guiana ya 1 cent ya 1856 ilipo imodzi yokha padziko lonse. Mu 2014 inagulidwa madola 9.48 miliyoni, mu 2021 mwini wake anaigulitsa madola 8.3 miliyoni. Mwamva? Ngakhale mfumu ya masitampa onse inamudyera munthu ndalama. Inverted Jenny ya ku America ya 1918, ya ndege yozondoka, linapezeka pepala limodzi la masitampa 100 basi, kunali kulakwitsa kwenikweni kwa osindikiza. Mu 2013 positi ya ku America inasindikizanso ndege yozondokayo mwadala kuti igulitse kwa anthu ngati inu. Kulakwitsa kochita kukonza! Ndiye wina azindiuza kuti zimene anasindikiza mamiliyoni chaka chatha zidzamulemeretsa?

Wamabizinesi
Akuluakulu musatseke anthu m'maso. Sitampa ya nyani ya ku China ya 1980 inkagulidwa 8 fen, kandalama kochepetsetsa ka kumeneko, pa positi ofesi, lero ndi chuma. Nayonso tsiku lina inali yatsopano. Amene akufuna kudziwa mayiko oyenera kugula pano andipeze ku inbox.

Mkulu wa Masitampa
INBOX YA CHIYANI? Nenani pompano. Ku Spain mu 2006 apolisi anatseka makampani awiri, Afinsa ndi Forum Filatélico, omwe ankauza anthu kuti aike ndalama m'masitampa adzapeza phindu chaka ndi chaka. Anthu oposa 300,000 analira. Nyani mmodzi anakwera mtengo, masitampa enawo zikwi ndi zikwi a chaka chomwecho ali kuti? A admin muoneni uyu.

Admin 2
Zamalonda ku inbox ndi zoletsedwa pano. Chenjezo loyamba.

Nachisale
Poti mwatchula Britain, ine nkhani yanga ndi iyi. Achemwali anga ananditumizira timabuku ta masitampa a mutu wa Mfumukazi Elizabeth, wamba aja amene anayamba mu 1967. Ndinkasunga kuti ndikadzapitako ndidzatumizire makadi. Osadziwa kuti anayambitsa okhala ndi barcode pambali, ndipo akale wamba aja anasiya kugwira ntchito itadutsa 31 July 2023. Pano ayambanso a Mfumu Charles. Ndangotsala nawo m'kabati. Afunsi limbani mtima, tonse tinalirapo.

Mtsikana wa Agulugufe
Anachisale musataye, ku alubamu akadali abwinobwino. Afunsi, ena amati akamatirirana okhaokha chifukwa cha chinyontho, muwaike mu envulopu n'kuwasiya mufiriji mozizira kwambiri muja kwa maola angapo, nthawi zina amalekana. Ine zinanditheka kamodzi, kachiwiri zinakanika.

Mkulu wa Masitampa
Mufiriji muikemo nyama, osati masitampa. Mukawatulutsa amachita thukuta ndiye mwawonjezera chinyontho chomwecho. Sitampa imasungidwa m'buku lake la timizere ta pulasitiki, bukulo liime chilili ngati pa shelefu, osaligoneka n'kusanjikizapo zinthu. Ndipo SAGWIRA NDI ZALA, pali kambano kake kosongoka mopanda mano. Munthu wopala sitampa ndi chikhadabo ine ndingamulande zonse.

Wosadziwika
Zikomo nonse. Mayi Busa, makataniwo alipo kale, akungofuna ena a mtundu wina, ndiye musandiweruze. Ndipo ndalamayo inali yanga ya ine mwini, alamu anga anandibwereka ina chaka chatha mpaka lero sanabweze koma ndi amene ali patsogolo kundiseka. Agogo, ine sindikufuna kulemera, ndimangokonda nyama. Buku ndili nalo kale, ndinawasanja bwinobwino mu alubamu ya zithunzi ija ya masamba omata yokhala ndi pulasitiki pamwamba. Inali ya zithunzi za ukwati, ndinachotsamo.

Anaphiri wa Mbalame
Ayi bambo inu!! Zimenezi ndi zimene munayenera kuyamba nazo. Ndiye kuti chinyontho chilibe mlandu, akugwidwa ndi guluu wa masamba a alubamuyo. Guluu ameneyo sasungunuka ndi madzi, ndipo akamakalamba amasiya mizere yachikasu kumsana kwa sitampa. Musaviike. Amene akugwedera achotseni lero lomwe polowetsa kapepala kopyapyala pansi pake pang'onopang'ono. Amene agwiriratu musakoke, dulani tsambalo mozungulira sitampayo muisunge choncho kaye. Koma mundiuzebe, ndi onyambita kapena a sitika?

Jokala 265
Dikirani kaye. Mwachotsa zithunzi za UKWATI n'kuikamo akambuku, ndiye mukuti mayi akwiyira makatani? kkkkkkk

Che Dala
Apa ndiye achimwene sindikuikiraninso kumbuyo.

Mayi Busa Wachikondi
Ndinanena ine.

Mkulu wa Masitampa
Alubamu ya zithunzi. Zaka zonsezi ndimaganiza kuti ndaona zonse. Mu 1840 Rowland Hill, amene anayambitsa Penny Black uja, akanadziwa kuti zidzafika apa sakanavutika n'komwe.

Wosadziwika
Anaphiri uthenga wanu ndauona mochedwa, asanu ndinawaviika kale nthawi imene anthu amakangana ija, ndinadula ndi tsamba lomwe. Awiri utoto wofiira wayamba kutuluka, madzi asanduka apinki. Ndiwatulutse kapena ndidikire achoke? Zithunzi za ukwati zili bwinobwino mu jumbo pamwamba pa kabati.

Anaphiri wa Mbalame
Atulutseni pompano, muwayale pa pepala loyera osakhudzana. Otsalawo asayandikire madzi. Onyambita kapena a sitika, bambo?

Wosadziwika
Ena ndi a kambuku ena ndi a nsomba.