Gulu la banja: zowolotsa agogo ku Makhanga

Malume: Ku Mulanje mvula sikudula. Ruo akadzaza amatsekereza Shire pa Chiromo, madzi n'kubwerera m'mudzi, ngakhale ku Makhanga kusagwe ndi dontho lomwe. Agogo awoloke Loweruka, apite ku Bangula.

Azakhali: Tinapangana K20,000 khomo lililonse. Atumiza ndi anayi okha.

Alamu: Dayiki ya kuseri kwa nyumba ija isiyidwe? Pakufunika matumba 150. Muzithira mchenga kungopitirira theka, kukamwa n'kupindira pansi, osamanga. Thumba lodzaza thothotho silikhazikika, limasiya mipata. Muyale mopingasa ngati njerwa, mzere uliwonse kuupondaponda, ndipo pansi patambalale katatu kuposa msinkhu wake. Pulasitiki ikhale mbali ya kumtsinje.

Malume: Freddy atadutsa mu 2023 mtsinje unakwiririka ndi mchenga, masiku ano sukhalira kusefukira. Matumba sangaimitse Ruo, alamu. Agogo ayambe awoloka.

Alamu: Sindikukana, koma chimanga chili m'nyumba momwemo. Amene ali kumudzi aziona kuseri kwa dayiki m'mawa uliwonse. Madzi akamatuluka oyera palibe chodetsa nkhawa kwenikweni. Akatuluka amatope ndiye kuti dothi likudyeka m'kati, kawirikawiri pa una wa mbewa kapena pomwe panali chiswe. Musatseke pamwamba pake, akaboola pena. Zungulizani matumba kuti madziwo achepe mphamvu, asamatuluke ndi dothi.

Azakhali: Anayi okha. Ena akungowerenga, tikuwaona.

Mphwanga wa ku Joni: Nditumiza kumapeto kwa mwezi azakhali.

Azakhali: Za malata aja munateronso.

Achemwali: Mbuzi zija bwanji? Ina inali yanga pajatu.

Azakhali: Yanu? Iyayi, ndisayankhule.

Malume: Mbuzi pambuyo. Tibwereke boti la injini, osati bwato. Madzi akakwera amabwera ndi zipika komanso namasupuni, amene amakola chopalasira cha injini, boti n'kuyamba kutengedwa. Woyendetsa akhale ndi nkhafi ziwiri ndi chokapira madzi. Anyamuke m'mamawa mphepo isanayambe, alunjike kumtunda pang'ono kuti madzi akamukankha akafikire pa doko. Katundu pakati ndiponso pansi, anthu onse chikhalire. Boti lisalemedwe, mbali zake zikhale pamwamba pa madzi kuposa chikhatho. Chimanga chipite ulendo wachiwiri, osati pamodzi ndi agogo.

Achemwali: Agogowo avomera? Amati sangasiye manda a amuna awo.

Malume: Zimenezo ndisiyireni.

Alamu: Wina akhome mtengo pa doko, aziika chizindikiro m'mawa ndi madzulo. Madzi akakwera chikhatho usiku umodzi, Loweruka tisalidikire. Ana asatunge madzi m'matamanda, ng'ona zimatsata madzi osefukira.

Azakhali: Achimwene a ku Lilongwe ali chete kuyambira Lolemba. Nambala yanga ya Mpamba ndi yomwe ija. Anayi okha.

Malume: Wa boti akufuna theka la ndalama pofika Lachinayi, agulire mafuta. Amene ali nayo atumize lero.