Bungwe la nzika likukana kuti mashopu akale agumulidwe: lipoti ndililembe bwanji?

Wamapulani kukhonsolo:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi pempho la mwini malo amene akufuna kugumula mzere wa mashopu akale pakati pa tauni, aja a makonde aatali, kuti amangepo nyumba yosanja. Injiniya wake walemba kuti makoma ananyowa, ali ndi ming'alu, sangakonzekenso. Bungwe la nzika losamala mbiri ya tauni labweretsa chikalata chokana, ndipo anthu ambiri asainira. Koma m'chikalatamo angodandaula kuti anakulira pamenepo ndipo tauni isintha maonekedwe. Ndikuwamvetsa, komatu komiti ya khonsolo yoona za mapulani singakane pempho chifukwa cha chisoni chokha. Mwini malo akakachita apilo, khonsolo igonja. Mashopuwo sali pamndandanda wa nyumba zotetezedwa.

Injiniya wa zomangamanga:
Achimwene, musanakambe za bungwelo, kayang'aneni khomalo ndi maso anu. Nyumba zakale zambiri anazimanga ndi matope kapena laimu, ndipo khoma lotere likamwa madzi limawatulutsanso lokha likauma. Vuto limayamba wina akalimata pulasitala wa simenti ndi penti wamafuta. Chinyezi chimasowa potulukira, chimakwera m'mwamba, njerwa n'kumafumbutuka mkati. Gogodani pulasitalayo ndi chala, mukamva kulira ngati ng'oma ndiye kuti wasiyana ndi khoma. Onaninso ngati msewu kapena khonde sizinakwezedwe kuposa pansi pa shopu, komanso kumene madzi a padenga amagwera. Zonsezi zimakonzeka.

Ming'alu nayo siifanana. Woopsa ndi umene ukukulirakulira, makamaka wotsata mizere ya njerwa ngati masitepe, chifukwa umasonyeza kuti maziko akutitimira. Matani kachidutswa ka galasi kapena ka pulasitala modutsa mng'aluwo, lembani deti, muone ngati kasweka mvula ikadutsa. Ngati lipoti la injiniyayo silikunena kuti anayeza zimenezi, pemphani lipoti la injiniya wina woima payekha.

Wojambula mapulani a nyumba:
Ndikugwirizana ndi a injiniya. Ine mtima wanga uli pa bungwelo. Anthu amenewa ali ndi zimene ofesi yanu ilibe: zithunzi zakale, mapu akale, ndi agogo amene amakumbukira amene anamanga ndi zimene zinkagulitsidwa shopu iliyonse. Chawasowa ndi njira yoikira zimenezi papepala. Alembe nyumba imodziimodzi: inamangidwa liti, ndi zipangizo zanji, zitseko, mawindo ndi nsanamira zoyambirira zatsala ziti, ndipo nyumba yosanjayo idzaphimba chiyani mumsewuwo. Umboni wotere komiti imatha kuuyeza.

Ku Covent Garden ku London kunali pulani yogumula mbali yaikulu ya dera lonse. Anthu okhala ndi ochita malonda kumeneko anakana mwadongosolo, ndipo mu 1973 boma linaika nyumba zoposa 200 pamndandanda wotetezedwa, pulaniyo n'kufera pomwepo. Ngakhale chikalata cha Washington Charter cha 1987 chokhudza matauni akale, chimene linakonza bungwe la ICOMOS loona za nyumba ndi malo akale padziko lonse, chimanena kuti kusamala tauni sikungatheke popanda anthu okhalamo kutengapo mbali.

Mayi wa zamalamulo a malo:
Chenjerani pamenepa, bambo. Inu ndi wogwira ntchito kukhonsolo, musakhale mlembi wa mbali imodzi. Mukawalembera chikalata chawo, loya wa mwini malo adzanena kuti munakondera, ndipo ntchito yonse idzawonongeka. Itanani mbali zonse pamsonkhano umodzi, fotokozani poyera mfundo zimene komiti imaganizira ndi zimene siingaganizire, wina alembe zokambirana. Mwini malo naye ali ndi ufulu, ndipo kukonza nyumba yakale kumadya ndalama. Mufunseni ngati angasunge mzere wakutsogolo ndi makonde, n'kumanga zatsopano kumbuyo motalikirako ndi msewu.

Wojambula mapulani a nyumba:
Zoona, mayi. Ndiwonjeze kuti kumenyera nyumba imodziimodzi kumatopetsa. Ku England lamulo la Civic Amenities Act la 1967 linayambitsa zoteteza dera lonse pamodzi, ndipo tauni ya Stamford ndiyo inali yoyamba. Pulani ya tauni ikamadzaunikidwanso, bungwelo lidzapemphe kuti msewu wonsewo uikidwe ngati dera losamalidwa.

Wamapulani kukhonsolo:
Zikomo nonse. Ndapitako m'mawa uno. Pulasitala ndi wa simenti ndithu, ndipo kumbuyo wayamba kale kugwa yekha, njerwa zamkati zili zonyowa koma zolimba. Khonde lapansi analikweza pokonza msewu, moti madzi amathamangira kukhoma. Mng'alu waukulu ndi umodzi wokha, pakona pamene paipi ya madzi a padenga inathyoka. Ndalembera mwini malo kupempha lipoti lachiwiri ndi nthawi yoyezera mng'aluwo, ndipo wavomera kuti pempho lidikire. Msonkhano wa mbali zonse uchitika sabata yamawa, ndipo a bungwe ndawauza abwere ndi zithunzi ndi mapu amene ali nawo.