Za thadzi lija ndinafunsa mwezi watha

Abale ndabweranso. Paja ndinafunsa ngati zingatheke kuika mazira a nkhuku za Mikolongwe kwa thadzi lachikuda lomwe layamba kufungatira, poti a Mikolongwe angawa amangoikira basi, zokhalira mazira alibe nazo ntchito. Zatheka ndithu! Ndinaika mazira 12 usiku monga munandiuzira, ndinawalembanso ndi makala chifukwa nkhuku zina zimabwera kudzaikira momwemo ndiye umasokonezeka. Tsiku la 21 anapiye 8 anaswa, wina mawa lake, mazira atatu anasukusa ndipo fungo lake eee musafunse.

Chinandivuta kwambiri ndi utitiri, sabata yachiwiri thadzi linayamba kuthawa pachisa mpaka ndinasintha udzu wonse ndikuwaza phulusa, likanapitiriza kuthawa ndikanaluza mazira onse. Pano anapiyewo ndawatsekera ndi make kuopa akabawi ndi makhwangwala, ndikuwapatsa chakudya cha anapiye cha chick mash ndi chiswe pang'ono, madzi m'mbale yosaya yoikamo timiyala kuti asamire. Katemera wa chitopa wa I-2, wodonthezera m'diso uja, alangizi abwera naye Loweruka.