Bronchiectasis kwa akuluakulu: opaleshoni imathandiza ndani?

Wachipatala wa kuboma

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Pali odwala amene anamaliza mankhwala a TB koma chifuwa osatha, m'mawa uliwonse makhololo a mafinya theka la kapu, nthawi zina osakanikirana ndi magazi. Sikani ya CT ikuonetsa kuti timapaipi ta mpweya tinatanuka ndipo sitingabwererenso mwakale, ndiyo bronchiectasis. Achibale amafunsa kuti, "Bwanji osangodula mbali yowolayo?" Ndiye ndani amene opaleshoni ingamuthandize? Amadula chiyani, nanga chimavuta n'chiyani?

Wa matenda a m'mapapo

Achimwene, tiyambe ndi chowawacho: odwala ambiri otere opaleshoni si yawo. Malangizo a European Respiratory Society a 2017 ndi a British Thoracic Society a 2019 akunena chimodzi, kuti mpeni ndi wa munthu amene matenda ake ali malo amodzi, ndipo akudwalabe pafupipafupi ngakhale thandizo lina lonse laperekedwa mokwanira.

Pa "thandizo lina lonse" m'pamene timathamangira. Kodi munthuyo anaphunzitsidwa kutulutsa makhololo tsiku ndi tsiku? Makhololowo anapita ku labu kuti tidziwe ngati muli tizilombo ta Haemophilus influenzae kapena Pseudomonas aeruginosa? Matenda akamubuka akulandira maantibayotiki a masiku 14, kapena tikungomupatsa a masiku 5 n'kumuuza kuti azipita? Amene akudwala katatu pa chaka kapena kupitirira, anayesedwapo azithromycin wa nthawi yaitali, womwa katatu pa sabata? Ameneyutu musayambitse musanatsimikize kuti mulibe NTM, abale ake a TB aja, chifukwa akakumana ndi azithromycin yekha amasiya kumva mankhwala. Samalaninso ndi GeneXpert, makina oyezera TB aja, kwa amene anamwapo kale mankhwala a TB: imatha kuonetsa tizilombo tomwe tinafa kale, choncho culture, yomeretsa tizilombo ku labu, ndi imene imaweruza.

Kwathu kuno vutoli si laling'ono. Kafukufuku wa ku Blantyre amene anatuluka mu 2020 anapeza bronchiectasis yooneka bwino pa CT mwa anthu oposa 4 pa 10 alionse amene amamaliza mankhwala a TB. Tsoka lake, TB imakonda kuwononga malo angapo, mwinanso mapapo onse awiri. Amene mpeni umamukomera ndi uja chigawo chimodzi chokha chinawonongeka, monga chigawo chapakati cha phapo la kumanja, lingula (kachigawo kofanana nacho ka phapo la kumanzere), kapena chigawo cham'munsi cha kumanzere, mwina chifukwa cha chibayo cha ali mwana, kapena njere ya mtedza imene inatsamwira m'kapaipi zaka zapitazo. Ngati gwero lake ndi la thupi lonse, monga cystic fibrosis (matenda obadwa nawo olimbitsa makhololo) kapena kuchepa kwa chitetezo cha m'thupi, mukadula apa mawa zikaphukira apo.

Wa opaleshoni ya pachifuwa

Ndikugwirizana nawo adokotala, ndingowonjezera za m'fiyeta.

Phapo la kumanja lili ndi zigawo 3, la kumanzere 2, ndipo powerengera mpweya timati zonse pamodzi zili ndi tizigawo 19. Tikhoza kuchotsa kachigawo kamodzi, ndiyo segmentectomy. Chigawo chathunthu, ndiyo lobectomy, imene imachitika kwambiri. Kapena phapo lonse, pneumonectomy, imene timaisungira phapo loti linatheratu. Lamulo lake n'loti zowonongeka zichoke zonse, zabwino zisakhudzidwe. Mukasiya kachigawo kodwala poti mukumumvera chisoni munthuyo, mafinya amapitirira ndipo wavutika ndi bala pachabe.

Tisanagwire mpeni timafuna CT yatsopano, spirometry (kuyeza mpweya umene munthu amauzira), DLCO (kuyeza mmene mpweya umalowera m'magazi), ndi bronchoscopy (kamera yolowa m'mapaipi a mpweya) yoti tione ngati m'kapaipi mulibe chotupa kapena chinthu chotsamwira. Kenako masamu. Tiyerekeze FEV1, mpweya umene munthu amatulutsa pa sekondi yoyamba akauzira mwamphamvu, ili pa 70 peresenti ya mlingo woyenera ndipo tikuchotsa chigawo cham'munsi cha kumanzere, chomwe chili ndi tizigawo 4. Titsala ndi 15 mwa 19, ndiye 70 kuchulukitsa ndi 15, kugawa ndi 19, ikubwera pafupifupi 55. Ameneyo apuma. Yankho likatsika kufika m'ma 30, pamafunika mayeso opalasa njinga kapena kukwera masitepe, ndipo nthawi zambiri timabwerera m'mbuyo. Koma masamuwa amaopseza mopitirira ngati chigawocho chinafa kale, poti sichimapuma n'kale. Apo perfusion scan, sikani yoonetsa mmene magazi akuyendera m'mapapo, imanena zoona.

Fodya asiye masabata osachepera 4 opaleshoni isanachitike, makhololo achepe ndi maantibayotiki oyenera, ndipo wowonda ayambe wanenepako. Pogonetsa timaika chubu cha njira ziwiri pakhosi, kuti mafinya a mbali yodwala asasefukire ku phapo labwino munthu atagona chammbali.

Za VATS, ija yolowetsa kamera pa timabowo ting'onoting'ono pakati pa nthiti, ndi yabwino, ululu umachepa ndipo munthu amatuluka msanga. Komatu musawalonjeze odwala a TB yakale. Phapo lawo limakhala litamatirira ku nthiti ngati nsima ya dzulo pansi pa mphika, timwanabele tozungulira mitsempha titauma gwa, ndipo mitsempha ya bronchial, yodyetsa magazi mapaipi a mpweya, itakula n'kupindikapindika. Kumatula zimenezo kumataya magazi ambiri, choncho kutsegula chifuwa si kulephera, ndi nzeru. Magazi oikira akhale okonzeka musanayambe.

Chimene timachiopa koposa ndi bronchopleural fistula. Chitsa cha paipi ya mpweya chimene tasoka chimamasuka, mpweya ndi mafinya n'kumadutsa pakati pa paipi ndi mphako imene yatsala. Imakonda pamene tachotsa phapo lonse la kumanja, kapena tasoka pamalo amene matenda akadalipo. N'chifukwa chake chitsacho timachifunditsa ndi mnofu wa pakati pa nthiti kapena mafuta ozungulira mtima. Munthu amene anachotsedwa phapo akayamba kutentha thupi n'kumatsokomola madzi ambiri ofiirira, mugonekeni chammbali, mbali ya opaleshoni pansi, mutu mokweza, ndipo itanani dokotala nthawi yomweyo.

Wa fiziyo

Pang'ono chabe. Akatuluka m'fiyeta mdani wake ndi makhololo otsalira. Bala likamawawa satsokomola, phapo limafwapa, chibayo n'kulowa. Mankhwala a ululu akwane, akhale tsonga ndi kuyenda tsiku lotsatira lomwelo, ndipo potsokomola akumbatire pilo pabalapo. Botolo la paipi yotulutsa mpweya ndi madzi m'chifuwa likhale pansi nthawi zonse, lisakwere kupitirira chifuwa. Likamatulutsabe thovu kupitirira masiku 5, mpweya ukuthawabe penapake, adziwitseni a opaleshoni.

Wachipatala wa kuboma

Zikomo kwambiri nonse. Nanga uyu wabwera usiku akukhavula magazi, ndi wa opaleshoni ya changu? Nanga amene mapapo onse awiri anawonongeka?

Wa matenda a m'mapapo

Wa magaziyo chimamupha si kutha magazi koma kubanika nawo. Mugonekeni mbali imene ikutuluka magazi pansi, mupatseni okosijeni ndi tranexamic acid wothandiza kuletsa magazi, imitsani mankhwala osungunula magazi, yambani maantibayotiki. Magazi otere kawirikawiri amachokera m'mitsempha ya bronchial, ndiye kumene zipangizo zilipo choyamba ndi embolization: amalowetsa kachubu pa mtsempha wa m'mphechepeche n'kukatseka wotulutsa magaziwo ndi tinjere ting'onoting'ono. Choopsa chake n'choti nthawi zina pomwepo pamachokera kamtsempha kodyetsa mtsempha wa msana, tinjere tikalowa mmenemo miyendo imafa. Magazi amathanso kudzabwerera, makamaka ngati m'mphako ya TB mwamera mpira wa fangasi wa Aspergillus. Choncho embolization imatipatsa mpata woti munthu akhazikike, opaleshoni ichitike mokonzekera. Kudula ali m'kati motaya magazi kumapha anthu ambiri kuposa kudula modekha.

Wa mapapo onse awiriyo, opaleshoni yotsala ndi kumuikira mapapo a munthu wina. Malangizo a ku Britain amati atumizidwe kwa akatswiri oika mapapo ngati sanapitirire zaka 65, FEV1 ili pansi pa 30 peresenti ndipo akunka nafooka. Amaika onse awiri, chifukwa lodwala likatsala limapatsira latsopanolo mafinya. M'chigawo chathu chino zimachitika ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ndipo pambuyo pake ndi mankhwala ochepetsa chitetezo moyo wonse. Kwa odwala ambiri amene mukuwaona kumeneko, tumizani CT ndi spirometry kuchipatala chachikulu kuti aone ngati matenda ali malo amodzi. Podikira yankho, mphunzitseni kutulutsa makhololo m'mawa ndi madzulo, ndipo alandire katemera wa chimfine ndi wa chibayo ngati alipo.