Dzina lachilendo kapena lozolowereka? Ndithandizeni maganizo

Abale anga, ndine woyembekezera, mwezi wamawa ndi wanga, koma mpaka lero ine ndi bambo a kunyumba sitinamvane za dzina la mwana. Iwo akufuna dzina lozolowereka, monga Chisomo kapena Madalitso. Akuti munthu akangolimva amadziwa tanthauzo lake, ndipo agogo sadzavutika poitana mdzukulu wawo. Zimenezo ndikuzimvetsa ndithu.

Koma ineyo ndinakula ndi dzina lomwe m'kalasi mwathu tinali nalo anthu anayi. Aphunzitsi akaitana, tonse tinkacheuka, mpaka anayamba kutisiyanitsa ndi msinkhu. Ine ndinakhala "wamfupi" zaka zonse za ku pulayimale, ndipo zinkandiwawa mumtima. N'chifukwa chake ndapeka dzina pophatikiza la malemu mayi anga ndi la apongozi anga aakazi. Likumveka bwino m'khutu, ndipo sindinamvepo wina akuitanidwa choncho.

Chomwe chikundisowetsa tulo ndi mapepala. Dzina losadziwika anthu amalilemba mmene alimvera, ndipo chilembo chimodzi chikasiyana pa chiphaso chobadwira ndi pa satifiketi ya sukulu kapena pasipoti, kukonzetsa kwake kumatenga nthawi. Ndikuopanso kuti anzake angamamuseke.

Inu amene muli ndi mayina osowa, mumawanyadira kapena munatopa ndi kutchulira anthu chilembo chimodzichimodzi? Nanga makolo amene munapereka mayina awiri, lachilendo ndi lozolowereka, mwana atakula anasankha kudziwika ndi liti?