Ma DJ anzanga, sampler yotsika mtengo yoti ipirire ku Chigwa cha Shire kuno ndi iti?

Wofunsa: Akuluakulu a pagulu pano, makamaka inu a za sound, ndithandizeni nzeru. Ndimaimba m'maukwati, m'zinkhoswe ndi m'mabonanza a mpira kuyambira pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu mpaka Bangula, nthawi zina ndimawolokera ku East Bank. Zida zanga ndi laputopu ya VirtualDJ, ka controller ka ma channel awiri, mixer ya PA ndi masipika anayi. Ma drop (timawu tachidule toliza pakati pa nyimbo) a dzina langa, sayirini, nthungululu ndi mawu oitanira perekaniperekani zonse zimakhala m'laputopu momwemo. Ndiye mukudziwa Okotobala wa kuno, laputopu ikatenthedwa n'kuhang'a, zonse zimathera pompo, anthu ndalama zili m'manja. Ndikufuna sampler, kamakina kapadera kosunga mawu pa ma pad (mabatani oliza mawuwo) koti ndizingodina. Ndili ndi K500,000, chitowe chikagulidwa bwino ndiwonjezera pang'ono. Yogwiritsidwapo kale ntchito sindikana. Ndigule iti?

DJ wa ku Limbe: Achimwene, yambani mwatiuza: mukufuna kujambula ndi kudula mawu pa makinapo, kapena kungoliza zomwe mwakonza kale pa kompyuta? Ngati n'kungoliza, Akai MPX8 ikukwanirani. Ili ndi ma pad 8, mawu mumaika pa SD card, moto imatengera pa USB ndiye ngakhale power bank imayendetsa. Inatuluka pa mtengo wa pafupifupi madola 100. Koma memory yake ndi 30MB basi, yomwe ndi mphindi zitatu za WAV ya stereo, ndipo imachedwa kukweza mawu mukasintha kit. Ma drop muwasandutse mono, malo achuluka kawiri. Siijambula. Yojambula ndi mkulu wake MPX16.

Wofunsa: Kujambula ndikufunako ndithu. Kuno ukakhala pa ukwati wa kumudzi amayi amaimba zinthu zoti sungazipeze pa intaneti, ndimafuna nditatenga kachidutswa n'kukaliza nthawi yomweyo.

Mkulu wa sound ku Ngabu: Mphwanga, ngati ndi choncho usavutike n'kuzungulira. Saka Roland SP-404SX yogwiritsidwapo ntchito. Inatuluka mu 2009 ndipo mpaka lero anthu akuimbira. Ma pad 12, ma bank 10 (bank iliyonse imasunga mawu 12), ndiye kuti mawu 120 ali m'manja mwako. Imawerenga molunjika kuchokera pa SD card, choncho ukhoza kuikamo nyimbo yathunthu pa pad imodzi, osati tizidutswa tokha. Apa m'pamene pagona nkhani kwa ife a kuchigwa. Bank imodzi uikemo nyimbo 12 zomwe sizilephera pa ukwati. Laputopu ikakomoka, iwe wadina pad, gule akupitirira, mkwatibwi sadziwa n'komwe kuti kuseri kwa tebulo kwavuta. Ili ndi ka maikolofoni kake komwe, ndiye za amayi akuimba zija wajambula pompo. Chachikulu, imayendera mabatire 6 a AA. Ine zida ndimayamba kufunsa kuti zimadya moto wotani, za ma effect zimabwera pambuyo. Amene munali m'ntchitoyi mu 2022 namondwe Ana atawononga siteshoni ya magetsi ya Kapichira mukukumbukira mmene tinkaimbira pa jenereta sabata ndi sabata.

Wobisa dzina: Madala, pamenepa ndiye sindikumva. Jenereta ikazima amp nayo yazima, masipika ziii. Mabatirewo aliza chiyani, mudzaimika anthu pamzere kuti azimvera pa mahedifoni?

Mkulu wa sound ku Ngabu: Funso labwino, ngakhale lafika ndi mwano pang'ono. Zoona, jenereta ikazima palibe chomveka. Koma tajenereta tathu tating'onoti sitimangozima, timatsokomola. Bass ikagunda moto umatsika, wina akalumikiza fuliji ya zakumwa umatsikanso. Amp imapirira zimenezo, koma kachida kakang'ono ka digito kamazima n'kuyambiranso, mwinanso adaputa n'kupsa. Cha mabatire sichimva zonsezo. Ndipo moto ukabwerera chimakhala chili maso kale.

Mnyamata wa ma beat ku Zomba: Bwanji PO-33 K.O! ya Teenage Engineering? N'kotchipa, kamajambula, mabatire awiri a AAA, kamalowa m'thumba la malaya.

DJ wa ku Bangula: Aise, unayamba waimbapo pa bwalo la mpira kuno mphepo ya fumbi itadzuka? Kameneko kalibe chikuto, waya ndi timabatani zili pamtunda ngati mkati mwa wailesi yophwasula. Kachikuto amagulitsa padera. Onjezapo thukuta la m'manja pa madigiri 40. Komanso memory yake ndi masekondi 40 onse pamodzi. N'kabwino popangira ma beat pakhonde madzulo, sindikukanyoza, koma pa ukwati wa maola asanu ndi limodzi ayi. Chimodzimodzi Korg Volca Sample, anthu amakopeka ndi mtengo koma siijambula yokha, ndipo yoyamba ija imasunga masekondi 65 okha. Ija ndi ya anthu opanga ma pattern a ng'oma.

Mayi wa zokongoletsa m'maukwati: Ine si DJ koma ndimakhala nanu m'maholo sabata iliyonse. Bwanji osangoika app pa foni yakale n'kusunga ndalamazo mugule stabilizer? Ndaonapo anyamata akuchita choncho ndipo zimamveka bwinobwino.

DJ wa ku Limbe: Amayi anena zoona, ndipo kwa munthu wongofuna sayirini ndi drop njira yotchipa kuposa zonse ndi imeneyo. Ingokhalani kuti foniyo ilibe SIM ndipo mwalumikiza ndi waya, chifukwa Bluetooth imachedwetsa mawu, mumadina drop n'kutuluka beat itadutsa. Vuto ndi galasi: chala chonyowa sichigwira bwino, dzuwa likawala simuona, ndipo foni nayo imatenthedwa ngati laputopu yomweyo.

Wofunsa: Takhuta nonse. Mtima wapita ku SP-404SX. Nanga SP-404 MKII, yomwe inatuluka pambuyo pa SX ija? Ndipo zimenezi zimapezeka kuti, poti m'mashopu a ku Blantyre ndimangoona ma mixer ndi makiyibodi?

Wokhala ku Johannesburg: MKII inatuluka mu 2021 pa madola pafupifupi 500. Ili ndi sikirini yabwino, 16GB mkati, imalandira moto pa USB-C kapena mabatire, ilinso ndi DJ mode. Koma chiyambire kugwa kwa kwacha ndi 44% mu Novembala 2023, kuphatikiza kusowa kwa forex, mtengo wa transporter ndi msonkho wa MRA pa Mwanza, ndalama mwatchulazo sizifikako. Ngakhale SX musayembekeze kuti mungoitola, anthu amaikonda ndiye siitsika mtengo kwambiri. Mungafunike kuwonjezera. Kuno zimapezeka m'mashopu a zinthu zakale ndi pa Facebook Marketplace. Langizo langa: musatumize ndalama kwa munthu amene simukumudziwa chifukwa cha chithunzi. Pezani m'bale apite akaione, adine pad iliyonse muli pa video call, apotokole ma knob onse kumvetsera ngati sakukhwekhwereza, alowetse ndi kutulutsa SD card, atsegulenso kumabatire aone ngati simunadontheramo asidi. Afunsenso adaputa yake yeniyeni. SX imafuna 9V ya center negative, pamene ma adaputa ambiri a pamsika ndi center positive. Mukalumikiza yolakwika mukhoza kuiwotcha tsiku loyamba. Ikachokera ku America onaninso kuti adaputayo si ya 120V yokha, kwathu ndi 230V.

Mlongo wokonza ma amp ku Nchalo: Achimwene, mukaipeza muilumikize bwino. Musaidutsitse mu controller, chifukwa ma controller ang'onoang'ono ambiri amadalira laputopu, ikafa nawo afa. Ipatseni channel yakeyake pa mixer ya PA, ku line osati ku mic. SX imatulutsa pa RCA ndiye mugule chingwe cha RCA kupita ku jack, mugule ziwiri, zingwe ndi zomwe zimayamba kufa. Volume ya ma drop onse muilinganize kunyumba, apo ayi sayirini imodzi idzakuphulitsirani ma tweeter. Zambiri zomwe zimabwera pa benchi panga sizinafe ndi ukalamba, zinafa ndi fumbi, kutentha ndi moto wa jenereta. Musaiike pamwamba pa amp, musaisiye padzuwa podikira akwati, pa kabaza izikhala m'chikwama chotseka. Mukamaliza ntchito chotsani mabatire. Ndipo nyengo ya mvula zida zisagone pansi, a ku Makhanga ndi ku Bangula akuuzani zomwe namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023.

Wofunsa: Asisi mwandithandiza, ine ndikanailowetsa mu controller. Lomaliza: ndili ndi maganizo ojambula ulimba ndi ng'oma za utse kuti ndiziziika pansi pa amapiano. Kodi makinawa adzazigwirizanitsa okha ndi liwiro la nyimbo ya pa laputopu?

DJ wa ku Bangula: Ayi, SX simva zomwe laputopu ikuchita. Ili ndi potambasulira BPM (liwiro la nyimbo) koma ukakoka kwambiri mawu amanyenyeka. Ma loop uwakonzeretu pa kompyuta, amapiano ambiri amayenda cha m'ma 112, ndiye loop uidule pa 112, nyimbo ya pa deck nayo uiike pa 112, kenako udine pa beat yoyamba ndi khutu lako. Ikayamba kutsalira, dinanso. Koma akuluakulu oimba ulimbawo ukawapemphe kaye ndipo uwapatse kangachepe, usakangowajambula mobisa pa mwambo.

Mkulu wa sound ku Ngabu: Mabatire ugule ochajidwa a NiMH ma seti awiri ndi chaja yake, wamba a pagolosale sachedwa kutha. SD card isapitirire 32GB, ndipo uifomate m'makina momwemo usanaikemo kanthu. Ikafika undiuze mu inbox ubwere nayo ku Ngabu tidzaiyese pa PA yanga usanapite nayo pa ukwati wa munthu.